Duu Amanga Mfundo Yeniyeni

Lamulolo analiika yekha Mtisunge, ndiye sakanaloza chala munthu wina. Tsiku la chionetsero, akangodzola ufa woyera kumaso n'kuvala magolovesi, pakamwa pake pankatsekeka mpaka atabwereranso pa Boma. Wolankhula anali Lyford, amene anthu a ku Mzimba ankamutcha Pakamwa. Mtisunge anali Duu, mtsikana wa chipewa chachikulu amene ankatulutsa mazira m'makutu mwa aphunzitsi aakulu, kenako n'kuwayang'ana ngati iwowo ndiwo amulakwira. Lyford ankabwebweta, kudzitama kuti matsenga anakawaphunzira ku Joni. Duu ankangokweza nsidze imodzi, anthu n'kufa nalo phwete. Manja ochita zodabwitsa zonsezo anali a Duu. Ambiri sankadziwa, ndipo iye sizinkamupweteka.

China chimene anthu sankadziwa chinali pansi pa golovesi la kumanzere. Chinali chibangiri chamkuwa, chakalekale, chimene Lyford anamuveka chaka chatha kuseri kwa holo.

“N'cha amama,” anatero tsiku limenelo. “Anati ndidzaveke mkazi amene ndidzabwere naye pakhomo.”

Tsopano pakhomopo ankapitadi. Eneless, mlongo wake wa Lyford, ankakwatiwa kwawo ku Engutwini, ndipo Pakamwa ndi Duu ndiwo anali oti akasangalatse alendo.

“Lero usakalankhule ndi munthu aliyense,” anatero Lyford ali padepoti, akukankhira sutikesi ya zida pansi pa mpando wa minibasi.

“Ukundiphunzitsa lamulo langa lomwe?”

“Kwathu n'kumudzi, Tisu. Mmodzi akangomva mawu ako, mawa afika ku Jenda. Duu athera pomwepo.”

“Nanga amayi ako ndikawapatse moni ndi chiyani? Nsidze?”

“Ukwatiwu udutse kaye. Sabata yamawa tidzapita bwinobwino, iwe uli m'chitenje, ine ndili ndi asibweni, amalume anga aja.”

“Sabata yamawa imeneyi inayamba chimanga chisanamere.”

Lyford anaseka, n'kumutsina tsaya. Mtisunge anatulutsa kagalasi ndi ufa. Asanavale magolovesi analembera mnzake Cathy: *Ndikukaona apongozi nditadzola ufa ngati chambo chopita m'mafuta.*

Cathy anayankha msanga: *Ukatsegule makutu. Mwamuna wa mawu ambiri amabisa katundu pakati pa mawuwo.*

*

Ku Engutwini Lyford anamezedwa ndi abale atangotsika. Mtisunge abalewo anamukhazika pakhonde la kuseri, pafupi ndi pamene amayi ankadula nyama, sutikesi ili pambali pake ngati mwana womulera.

Posakhalitsa panabwera mayi wamfupi, wa maso ofanana ndi a Lyford, atanyamula kapu ya chindongwa, thobwa la kumeneko, ndi manja awiri. Mtisunge sanafunikire womuuza. Awa anali NyaTembo, amayi ake a Lyford. Mtisunge anatsika pampando n'kugwada. NyaTembo anamudzutsa msanga, namupatsa kapuyo, akuloza pakamwa ndi manja akuluakulu kuti amwe. Anamusisita paphewa, kenako anatembenukira kwa mayi wina wamtali amene ankasenda anyezi.

“Mwamuona, ankhazi? Ndi ameneyu. Chitima chomene, n'zachisoni zedi.”

Ankalankhula Chitumbuka. Mtisunge kwawo kunali ku Dedza, koma anakulira ku Chikangawa kumene bambo ake ankapakira matabwa m'malole, ndipo Chitumbuka ankachimva mpaka miseche yake.

“Samva ngakhale pang'ono?” anafunsa ankhazi aja, mlongo wawo wa bambo a Lyford.

“Olo kugunda kwa mvula. Anabadwa choncho. Samva, salankhula, makolo onse anamwalira. Lyford anamutola padepoti akugulitsa mazira owiritsa. Mwana wanga ali ndi mtima, ankhazi.”

Mtisunge anameza chindongwa pang'onopang'ono. Bambo ake, amene anali atangoikidwa m'manda ndi pakamwa pa Lyford, anali atamuimbira foni m'mawa womwewo kudandaula za bondo. Lamulo lake linali loti Duu salankhula. Zoti samva, zoti ndi wamasiye, zoti anatoledwa, zimenezo wina anaziwonjezera yekha, ngati telala wopatsidwa nsalu ya malaya n'kusokapo ndi thalauza lake.

“Komabe ine sizindisangalatsa,” anatero ankhazi. “Mnyamata ndi mtsikana kumayenda awiri m'maminibasi, kugona m'maresiti. Wosalankhula ndi mkazi ndithu.”

“Ndinamufunsa. Anaseka mpaka misozi. Akuti, amama, ndingakwatire munthu woti sindingacheze naye?”

Amayi odula nyama anaseka nawo. Mmodzi anamuyang'ana Mtisunge n'kumwetulira mwachifundo. Iye anamwetuliranso. Nkhope ya Duu inali yozolowera ntchito.

“Mbwenu zili bwino,” anatero ankhazi. “Chifukwa ng'ombe za malowolo a Lyford zinapita kale kwa a Lungu ku Champhira. Tisadzamve nkhani ina. Mwana wawo Christobel ndi mphunzitsi, si munthu woti n'kumuseweretsa. Chibangiri chanu chija anamuveka?”

“Akuti chinathyoka, chili kwa wosula pa Boma. Mwezi uno chibwera.”

Pansi pa golovesi, mkuwa uja unayamba kutentha ngati wachoka pamoto. Mtisunge anaika kapu pansi mosamala kwambiri, kuopa kuti ikagwa anthu angadziwe kuti wamva.

*

Christobel anamupeza kuseri kwa nkhokwe, kumene Mtisunge anapita kukakonza zida. Anali mmodzi mwa operekeza mkwatibwi, wamtali, mu diresi yobiriwira yomukhala bwino. Mtisunge anafufuza chilema pa iye, ndipo chinamukwiyitsa n'chakuti sanachipeze.

“Usavutike ndi manja,” anatero Christobel m'Chichewa chosalala. “Ndikudziwa kuti umamva. M'foni mwa Lyford muli munthu wolembedwa kuti Makaniko. Makaniko ameneyo amatumiza mauthenga a mawu. Ali ndi mawu okoma, makaniko. Amaimbanso.”

Mtisunge anapitiriza kukulunga chingwe pachigongono.

“Sindinabwere kudzamenyana. Ndangobwera kukuthandiza masamu, poti ndi ntchito yanga. Ukalankhula lero, Lyford ndi wabodza pamaso pa adada ake ndi adada anga, ukwati wa Eneless wasanduka bwalo la milandu, ndipo ka Duu kako kafa. Ndani adzalipirenso kuti aone wosalankhula amene anatukwana pa ukwati? Ukakhala chete, ng'ombe zili kale m'khola mwathu, zayamba kuzolowera msipu.” Anakonza ndolo yake. “Kwanu ku Dedza mumakwatirana ndi nkhuku, eti? Kuno sitibweza ng'ombe chifukwa cha misozi.”

Mtisunge anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anatambasula dzanja, nafika kuseri kwa khutu la Christobel, n'kutulutsako dzira. Analiika m'dzanja la mphunzitsiyo, namupinditsa zala.

Christobel anaima ndi dziralo, osadziwa koliponya. Chinali chipambano chaching'ono, cha dzira limodzi, ndipo Mtisunge anadziwa kuti sichingagule ngakhale mchira wa ng'ombe.

*

Lyford anabwera akuthamanga, jekete lake lonyezimira lili paphewa.

“Akangomaliza perekaniperekani ndi ifeyo. Tiyamba ndi mazira, kenako mipango, chingwe pomaliza. Wadya? Tisu?”

Anamuyang'ana kumaso. Ufa umabisa khungu, subisa maso.

“Wamva chiyani? Ndani walankhula nawe?” Anayang'ana uku ndi uku. “Palibe akutiona. Lankhula.”

Mtisunge anaika chala pamilomo, monga Duu amachitira pasiteji.

“Aa, Tisu, usatero. Ndi za ng'ombe? Ng'ombezo ndi za adada, sanandifunse. Ndinangomva kuti thenga wapita. Ukudziwa mmene alili adada, ukawatsutsa shuga amakwera. Ndimafuna ndikuuze, koma ndimadikira nthawi yabwino. Christobel ine sindimukonda, ndi zakumudzi chabe izi. Zoti sumamva ndinangonena kuti asamakufunse mafunso. Ndimakuteteza, Tisu. Ndimateteza ntchito yathu.”

Mtisunge anali atamumvapo Lyford akugulitsa matikiti kwa anthu opanda ndalama, akunyengerera wapolisi wapamsewu, akutsimikizira gogo wina kuti dzira silinachoke m'mutu mwake. Nthawi zonsezo ankaima pambali n'kumanyadira. Lero ndi pamene anadziwa mmene zimamvekera ukaima kutsogolo kwake.

“Ungoti chete choncho? Nena kanthu, ngakhale kunditukwana.”

Mtisunge anamupatsa chipewa chake cha Pakamwa, nanyamula chingwe, n'kutsogola.

*

Mazira anayenda bwino. Mipango inayenda bwino. Mkwati anapezeka ndi supuni m'thumba la suti, azibusa anaseka mpaka kuvula magalasi. Kutsogolo kunakhala a Chisi, bambo ake a Lyford, ndipo pambali pawo a Lungu a ku Champhira, atakhala mwa munthu amene khola lake ladzaza.

Kenako inafika nthawi ya chingwe.

Bambo ake a Mtisunge anamuphunzitsa mfundo ziwiri ali mwana. Poziona zimafanana ngati mapasa. Yoyamba ndi yonamiza: imaoneka yolimba, munthu akhoza kuikoka ndi mphamvu zake zonse, koma womangidwayo akangokankha ndi chala chachikulu pamalo pake, yonse imasosoka. Imeneyo ndiyo inkawadyetsa iye ndi Lyford. Yachiwiri ndi imene bambo ake ankamangira matabwa palole, yochoka ku Chikangawa mpaka ku Lilongwe osasuntha. Imeneyo ukamalimbana nayo ndi pamene imaluma.

“Amayi ndi abambo!” anakuwa Lyford atakhala pampando, manja kumbuyo. “Ine ndinamangidwapo ndi asilikali a ku Joni, ndinamasuka asanatseke chitseko! Lero andimange mwana uyu? Manga, Duu, manga! Usaope, mafupa ndi anga!”

Duu anamanga. Anazunguliza chingwe pamikono, pamsana wa mpando, pachifuwa, n'kubwerera kumikono. Anagwira ntchito yake modekha, mwaukhondo.

“Tipemphe munthu wamkulu adzayese! Adada a Lungu, bwerani, musadzati tinakunamizani!”

A Lungu anadzuka, nakoka chingwe uku ndi uku. “Chalimba chomene,” analengeza.

“Mwamva? Chalimba! Phimba, Duu!”

Duu anamuphimba ndi chitenje, mutu wokha uli kunja, n'kumugwirira mayikolofoni pakamwa. Mwa masiku onse, apa Lyford ankaimba kanyimbo, ndipo kasanathe ankaimirira manja ali m'mwamba. Anayamba kuimba. Pansi pa chitenje phewa linagwedezeka. Linagwedezekanso. Kanyimbo kanatha, nakayambanso.

Mtisunge anaona nthawi yeniyeni imene chala chachikulu cha Lyford chinafika pamalo pake n'kupeza kuti palibe khomo.

“Hede! Lero mizimu ya ku Joni yachedwa, ili pa chipata cha Mwanza, akuifunsa mapasipoti!”

Anthu anaseka. Thukuta linatsika m'masaya mwa Lyford. Anapotoza khosi kuthawa mayikolofoni, nanong'ona: “Tisu, chonde. Osati pano. Osati pamaso pa adada.”

Duu anakweza nsidze, natembenukira kwa anthu, n'kutambasula manja ngati wosadziwa kanthu. Chisakasa chonse chinagwedezeka ndi kuseka. Sanasekepo chonchi chiyambire. Ana anakwera pamabenchi.

Ndipo Mtisunge anawerama pamaso pa Lyford. Anakweza mkono wake wa kumanzere, nagogoda kawiri pagolovesi, pamene panali chibangiri. Analoza NyaTembo, amene anakhala pamkeka kutsogolo akupukuta misozi ya chimwemwe. Kenako anabweza mayikolofoni pakamwa pa Lyford, dzanja lina atagwira nsonga ya chingwe. Kwa anthu zinali nthabwala. Koma awiriwa anagwira ntchito limodzi nthawi yaitali, ndipo Lyford anamva bwino lomwe: *uwauze kuti ndine ndani, ndikumasula.*

Lyford anayang'ana amayi ake. Anayang'ana bambo ake, ndi a Lungu, ndi Christobel amene anaima kumbuyo kwa mkwatibwi atapinda manja. Anakoka mpweya. Mtisunge anadzipeza akudikira, ndipo anadzida chifukwa cha kudikirako.

“Amama! Adada!” anatero Lyford. Mawu ake anapeza njira yawo yakale. “Mwana wamasiyeyu wakwiya! Akuti kukhitchini sanamupatse nkhuku!”

Phwete linaphulika. Ankhazi anagwa chagada pamkeka.

Mtisunge anasiya nsonga ya chingwe. Anaika mayikolofoni pamiyendo pa Lyford, navula chipewa chachikulu cha Duu, n'kumuveka pamwamba pa chake. Anaweramira anthu mwaulemu, kumanja ndi kumanzere. Kenako anadutsa pakati pa mabenchi, natuluka m'chisakasa. Anthu anamuombera m'manja mpaka anazimiririka kuseri kwa tchalitchi, akudikira kuti atulukira mbali ina.

*

Pamjigo wa m'mbali mwa msewu panalibe munthu. Mudzi wonse unali ku ukwati. Mtisunge anavula magolovesi, napopa madzi, n'kuyamba kusukusula. Ufa unasanduka phala, ukutsikira m'khosi. Ngati panali misozi, inapita limodzi ndi madziwo, ndipo palibe akanaiwerenga.

Foni inanjenjemera m'thumba. Cathy: *Apongozi ali bwanji?*

Kuchokera kuchisakasa chimkuzamawu chinkamveka bwino: “Tikupempha amene ali ndi mpeni wakuthwa abwere nawo kutsogolo kuno. Mpeni, chonde, osati wa buledi.”

Wina anamugwira paphewa. Anali NyaTembo, akupuma mwabefu, m'manja muli mbale yovundikira. Anaivundukula. Munali ntchafu ya nkhuku ndi chiwindi.

“Pepa, mwana wane,” anatero, ngakhale ankakhulupirira kuti akulankhula ndi mpweya. “Anakuiwala anthu oipa aja. Idya. Usakwiye pa ukwati wa mwana wanga.”

Pa zonse za tsiku limenelo, mbale imeneyi ndi imene inatsala pang'ono kumugwetsa. Mtisunge anatambasula manja awiri kuti alandire, monga mwana woleredwa bwino. Anakumbukira mochedwa kuti magolovesi ali pa simenti.

Maso a NyaTembo anaima pamkono wa kumanzere. Anaika mbale pansi. Anagwira mkonowo, nautembenuza, chala chawo chikutsata mizere itatu yolembedwa pamkuwa, ndi pamene panaphwanyika pang'ono kalekale.

“Ichi n'changa,” ananong'ona. “Ichi n'cha amama anga.” Nkhope yachifundo ija inauma. Anagwedeza mkonowo, akuloza chibangiri, akuloza Mtisunge, akukoka mpweya ndi zala monga munthu wosolola kanthu m'thumba la mnzake. “Waba? Wamubera mwana wanga? Iye kukutola padepoti, iwe n'kumubera?”

Mtisunge anaona njira ziwiri zili patsogolo pake. Akanatha kuvula chibangiricho, n'kukwera njinga yoyamba yopita ku Boma. Duu akanakhala moyo, Eneless akanadula keke yake mumtendere, ndipo ku Engutwini akanakumbukiridwa ngati wamasiye wakuba. Bodza la Lyford likanapeza denga.

Anagwada pa simenti yonyowa, mkono wake uli m'dzanja la mayiyo.

“Monire, amama,” anatero.

NyaTembo analumpha ngati aponda njoka, koma mkono sanausiye.

“Ukuyowoya?”

“Ndimalankhula, amama. Ndimamvanso. Zonse za pakhonde zija ndinazimva, ndipo chindongwa chinali chokoma, yewo.” Mawu ake anatuluka okhakhala, ngati chitseko chimene chakhala chotseka. “Dzina langa ndine Mtisunge. Bambo ndi mayi anga ali moyo, ali ku Chikangawa. Mazira owiritsa sindinagulitsepo. Chibangirichi sindinabe. Anandiveka mwana wanu chaka chatha, ndi mawu amene munamuuza inuyo.”

“Mawu ati?”

“Akuti mudati adzaveke mkazi amene adzabwere naye pakhomo. Wabwera nane, amama. Kungoti anandilowetsera kuseri.”

NyaTembo anakhala pansi pa simenti pomwepo, chitenje chatsopano cha ukwati chili m'madzi. Anayang'anitsitsa nkhope imene theka linali loyera, theka la munthu.

“Chaka chatha,” anatero potsiriza. “Ng'ombe zisanapite.”

“Zisanapite.”

“Ndipo ine kumakusisita ngati mwana wa mbuzi.”

Mtisunge anayamba kukoka chibangiri kuti achivule. “Tengani, amama. Sindinabwere kudzaononga ukwati. Mukampatse mwini wake woyenera, ine ndizipita.”

Dzanja la NyaTembo linatseka pamwamba pa dzanja lake. Linali dzanja la khasu, lolimba kuposa mfundo iliyonse.

“Usavule. Ichi sichibwezedwa pamjigo ngati ndowa yobwereka. Chinavekedwa ndi mawu, chidzavulidwa ndi mawu, pamaso pa anthu.”

Chimkuzamawu chinakhosomola. “Yewo, yewo, Pakamwa wamasulidwa, ngakhale jekete lapita! Tsopano khalani pansi nonse. Chimwemwe cha lero sichinathe. Adada a Chisi ndi adada a Lungu ali ndi chilengezo chokhudza ana awo. Lyford, usathawe, imirira pomwepo. Christobel, bwera kutsogolo, mama!”

Nthungululu zinang'amba mlengalenga.

NyaTembo anadzuka. Sanadzikunthe n'komwe madzi. Anamukoka Mtisunge kuti aimirire, nayamba kuyenda kulowera kuchisakasa, mkono wa chibangiri uli m'dzanja lawo, poonekera.

“Amama, dikirani. Ndikalankhula pamenepo ntchito yanga yatha. Ndi Eneless...”

“Wakhala chete tsiku lonse, mwana wa eni, ndipo taona zimene kwabala,” anatero NyaTembo osacheuka. “Mayikolofoni ija ikadali yoyaka. Tiye.”

Magolovesi oyera anatsala pamjigo, pambali pa mbale ya nkhuku.